Dzutsani Nkhope, Amayi a ku Katawa

Amayi anzanga, mukadzafika mumzinda wa Mzuzu musadzathere ulendo wonse pamsika waukulu ayi. Mudzapatukireko ku Katawa, makamaka Lamulungu m'mawa, pamene nkhungu yochokera kumapiri a Viphya ikungoyamba kubalalika. Mudzaona amayi akutuluka m'makomo mwawo atatchena, ena atavala yunifolomu ya Umanyano, bulauzi ndi duku zili mbee, akulunjika ku tchalitchi cha CCAP. Amayenda mowongoka, akuseka ndi kupatsana moni m'Chitumbuka.

Koma taimitsani mmodzi wa iwo kuti mumjambule. Pompo mapewa agwa, maso aloza pansi, manja asowa pokhala, ndipo nkhope yansangala ija yazima ngati moto wothiridwa madzi. Kodi chalowa n'chiyani? Ambiri a ife tinaleredwa kuti mwana wamkazi sayang'ana wamkulu m'maso. Mwambowo ngwabwino ndithu, koma kamera si apongozi anu.

Kuno chithunzi si chinthu chamasewera. Mzuzu unayamba m'chaka cha 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unakwezedwa kukhala mzinda mu 1985. Tsono mabanja ambiri a ku Katawa mizu yawo ili kwina: ku Mzimba, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Karonga kapena ku Chitipa. Kale chithunzi choikidwa mu envulopu ndicho chinkauza makolo kumudzi kuti mwana wawo ali bwino m'tauni. Abambo amene ankapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974, ankasunga nkhope za akazi awo m'sutikesi. Lero zithunzi zimayenda pa foni, koma ntchito yake ikadali yomweyo. Wachibale wakutali akaona nkhope yakugwa amada nkhawa, n'kumati kaya kwagwanji.

Mwayi wanu ngwakuti dera lino lili ndi kuwala kokoma. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mitambo ikaphimba dzuwa, nkhope imatuluka yosalala, yopanda mithunzi. Pewani dzuwa la masana, pakuti limakutsinzinitsani ndi kudetsa m'munsi mwa maso. Ngati kwatentha, imani pakhonde kapena pansi pa mtengo, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Yang'ananinso kumbuyo kwanu. Masamba a nthochi kapena khoma la njerwa zootcha n'zokwanira. Beseni, tsache ndi zovala zapachingwe zichotseni.

Poima, musaume ngati msilikali pa perete. Tembenukirani pang'ono kumbali, thupi litsamire pa mwendo wakumbuyo, mapewa agwere m'malo mwake, chibwano chisaloze kumwamba kapena pachifuwa. Manja apatseni ntchito: agwire chikwama, buku la nyimbo, kapena dzanja la mwana. Ngati mwakhala pampando, khalani chakutsogolo, msana uli chilili. Valani chitenje chimene thupi lanu linachizolowera, chifukwa chovala chobwereka chimaoneka kuti n'chobwereka. Mafuta odzola akhale ochepa, kuopa kuti chipumi chinganyezimire ngati chiwaya. Ndipo musavutike ndi mankhwala oyeretsa khungu; amawononga, pomwe khungu lakuda limatuluka bwino lomwe pa kuwala kofewa.

Chachikulu koposa zonse chili mumtima. Wojambula asanadine, pumani mpweya, muutulutse pang'onopang'ono, kenaka kumbukirani munthu amene adzalandire chithunzicho. Yang'anani m'diso la kamera ngati mukuyang'ana iyeyo akutulukira pachipata atabwera ku ulendo. Kumwetulira kudzabwera kokha. Amayi athu ankajambulidwa kamodzi kokha, n'kudikira masiku kuti filimu ikatsukidwe, osadziwa chimene chidzatuluke. Inu mungathe kubwereza kufikira mutakhutira.

Ganizirani ichi: m'nyumba zambiri, mayi ndiye amasambitsa ana ndi kuwakonza kuti ajambulidwe, iye n'kuima pambali. Tsiku limene banja lidzafune chithunzi chake, limapeza chokhacho cha pa chiphaso cha unzika, chimene ambiri tinajambulitsa pamzere mu 2017, titatopa ndiponso tili ndwii. Kodi mdzukulu wanu akadzafunsa kuti, "Agogo anali otani?" adzamuonetse chimenecho?

Lamulungu likudzali, mukatuluka m'tchalitchi, duku likadali lomangika bwino, itanani mwana abwere ndi foni. Imani pakhomo panu, dzutsani nkhope, mujambulidwe.