Ife a ku Fodya Tikatsikira ku Nyanja

Ife a ku Chamama nyanja timaidziŵira mu mphika. Usipa umatipeza pa msika utauma kale, ndipo ana athu ambiri amafika pa msinkhu womanga banja asanaonepo madzi oposa a mu Bua kapena mu Dwangwa. Koma ngakhale ife sitiidziŵa nyanja, ndalama zathu zimaidziŵa bwino. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, pali abambo ena amene amaperekeza mabelo awo ndi kuiŵala njira yobwerera. Amakatulukira ku Salima. Pakapita sabata amafika kumudzi m'thumba muli gwa, namafotokoza za mitengo yoipa ya ku okushoni, pamene mayi amene adasoka fodyayo ndi ana amene adampachika m'chigafa akungoyang'ana pansi.

Chifukwa cha ichi, m'mabanja ena dzina lakuti Senga Bay limamveka ngati mwano. Tikuganiza kuti malowo alibe mlandu. Cholakwika nchakuti amapitako mmodzi pamene fodya adalima onse.

Senga Bay ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuvuma kwa boma la Salima, ndipo ndilo gombe limene anthu a mu mzinda wa Lilongwe amathamangirako Loŵeruka. Ife tingathe kudzera ku likulu ndi kutsika mapiri a ku Mvera, kapena kudzera ku Nkhotakota ndi kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja. Njira yachiŵiriyi imapyola m'nkhalango yosungiramo nyama, ndipo mwana wobadwira pakati pa minda ya fodya amaona kwa nthaŵi yoyamba mitengo yosadziŵa nkhwangwa.

Alendo a mu mzinda amalunjika ku mahotela, monga Sunbird Livingstonia, kukakhala pa mchenga wosesedwa. Banja la mlimi lingalipire pa chipata ndi kusamba nawo tsiku limodzi, sikulakwa. Koma chokoma chenicheni sichilipiritsa, chimangofuna kulaŵira. Dzuŵa lisanatuluke pitani pa doko la asodzi. Usiku wonse mudzakhala mutaona nyali zitandandalika pa madzi ngati mudzi woyandama. Ndi nyali zokopera usipa kuti uloŵe m'chilimira. M'bandakucha maboti ndi mabwato amakocheza, amayi amathamanga ndi mabeseni, malonda amachitikira m'madzi ofika m'maondo, ndipo posakhalitsa matandala onse amakhala atayera mbuu ndi nsomba. Ife amene timadikira miyezi yambiri, kuyambira pa nazale mpaka pa jeke, tisanagwire tambala, timadabwa kuona anthu okolola usiku ndi kugulitsa m'maŵa. Tisawasirire msanga. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, munda wawowo umameza aulimi ake.

Pafupi ndi gombe pali kachilumba ka Namalenje, kamene alendo amakatcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake. Anyamata a maboti amaolotsa anthu; gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo musalole kuti mwana akwere opanda chovala choyandamitsa. M'miyala ya kumeneko muli timbuna, tinsomba tobiriŵira, tachikasu ndi tamizeremizere. Kuona maso a nkhono nkudekha: mukaima chete m'madzi timabwera tokha kudzazungulira miyendo. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo nchifukwa chake boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, bungwe la UNESCO nkuiŵerengera pakati pa chuma cha dziko lonse mu 1984. Zilumba za Maleri, kumwera kwa Senga Bay, zili m'gulu la malo otetezedwawo.

Otopa ndi madzi angapite ku Kuti, pafupi ndi Salima, kumene mbidzi ndi mphalapala zimadya msipu popanda mkango wozisautsa, kotero kuti munthu amayenda pansi kapena pa njinga. A ziboliboli ali m'mbali mwa msewu.

Kunena za kusamba, ife a kumtunda sitidziŵa kusambira, ndipo manyazi atisoŵetsa anyamata abwino. Funsani eni dera malo oyenera. Peŵani mabango ndi matsiriro a mitsinje, kumene kumabisala ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo. Nawo madzi saiŵala khwaŵa: mu 2024 nyanja idakwera ndi kuloŵa m'nyumba zambiri zogona alendo zimene zidamangidwa pa mchenga wake.

Koma chimene tifuna kuti abambo ndi amayi akachimve ndi makutu awo ndi nkhani ya Mbenji. Ichi ndi chilumba cha kumpoto kwa Senga Bay, m'dziko la Mfumu Makanjira, chotchuka ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko adalamula kuti chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa December mpaka April, pasapezeke msodzi pa chilumbacho. Onse amasamuka, nsomba zimatsala zikuswana. Nyengo ikatsegulidwa pamakhala mwambo, ndipo ngakhale pamenepo moŵa, chamba ndi njuga siziloledwa kuoloka. Lamuloli silidachokere ku Zomba kapena ku Lilongwe. Adalipanga ndi anthu a m'mudzi, ndipo amalisunga okha. Madoko ambiri a m'nyanja muno akulira kuti chambo chasoŵa, koma akatswiri a za nsomba amabwera ku Mbenji kudzafunsa chifukwa chake kumeneko nsomba zikadalipo.

Taonani miyeziyo. Pamene a Mbenji akupumitsa madzi awo, ife tili pakalapakala kubandira, kuthyola ndi kusoka; pamene iwo akutsegula, ifenso tikutsegula msika. Koma dothi lathu tidalipumitsa liti? Chaka ndi chaka fodya pa fodya, feteleza akukwera mtengo, mitengo ya zigafa tikukaigula kutali chifukwa misuku ndi mitondo yathu idatha. Makolo athu ankadziŵa kugoneka munda kuti ukhale tsala. Lero minda yachepa, nzoona, ndipo palibe angagoneke ekala yake imodzi yokhayo. Komabe nandolo, soya ndi mtedza zimapumitsa nthaka mwini akukolola. Mlimi amene wakhala pansi ndi msodzi wa ku Mbenji madzulo amodzi amabwera ndi mafunso amene alangizi akhala akumufunsa zaka zambiri iye osamva.

Ulendo wotere umayenera miyezi ya September ndi October, mwera utaleka, fodya atagulitsidwa, ngakhale kuti nazale zimafuna wotsirira. Mabanja aŵiri kapena atatu a mu mphakati umodzi angasonkherane galimoto, natenga ufa, mphika ndi nkhuni zawo, ndiwo nkukagula pa doko. Mnansi wotsala kuthirira nazale mudzambweretsere lichero la utaka.