CILUMBA CA MITENGO CA KU DZALANYAMA

Pa cilumba ca Madagascar pali mitundu ya mbalame yoposa 100 imene sipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo alendo amaoloka nyanja kukaziona ndi kuzijambula. Munthu wa ku Mitundu kapena wa ku Nathenje pakumva zimenezi angayese kuti n'za kutali, pakuti kwao kulibe nyanja yamcere. Koma cilumba ca mbalame sicicita kufuna madzi ai. Nkhalango imene yazingidwa ndi minda ya cimanga ndi fodya mbali zonse iri cilumba ndithu kwa mbalame imene sidziwa kudya m'munda.

Cilumba cotere ndico Dzalanyama, mapiri aja amene munthu amawaona ca kumadzulo ataimirira pa phiri la Bunda. Boma linapatula nkhalangoyi m'caka ca 1922, ndipo mtsinje wa Lilongwe umacokera momwemo. M'mitengo yace ya mombo ndi mtondo mumakhala gogomole wina wamng'ono amene Azungu amamucha dzina la Stierling. Iyeyu amapezeka m'Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania. Gogomole wozolowereka wa m'midzi ali ndi mizere pa msana, koma msana wa uyu ulibe mizere, ndipo amakonda tinthambi ta pamwamba peni peni, kotero kuti womfuna amabwerako khosi likuwawa.

Nchito ya wojambula mbalame njofuna kupirira. Amalawira mame asanakamuke, atabvala zobvala zosawala, nakhala cete pa tsinde la mtengo, kamera ali pa maondo. M'nkhalango ya mombo munthu atha kuyenda ora lathunthu osamva kanthu, monga ngati mbalame zonse zinasamuka. Tsono mwadzidzidzi mtengo umodzi udzaza: timbalame ta mitundu mitundu timayenda pamodzi pofuna tizirombo, tina m'masamba, tina pa makungwa, ndipo pakapita kanthawi pang'ono gulu lonse lapita. Amene anali kuceza ndi mnzace nthawi imeneyo wataya tsiku.

Codabwitsa ncakuti luso limeneli mnyamata wa legeni ali nalo kale. Iye amadziwa kunyang'ama, amadziwa kumene nkhwali imamwa madzi, amasiyanitsa kulira kwa pumbwa ndi kwa mwiyo ali m'tulo. Mlendo wa magalasi oonera patali sangampose. Koma legeni imapha mbalame kamodzi, ndiwo yace yosakwana ndi mbamu imodzi yomwe, pamene mbalame yamoyo ingathe kuonetsedwa kwa alendo caka ndi caka, woperekeza nalandirapo kanthu. Aphunzitsi amene amalanda malegeni pa sukulu akadacita bwino kufunsanso ana aja maina a mbalame, nawalemba m'buku, popeza maina ambiri akupita ndi nkhalamba.

Komabe legeni si mdani wamkuru. Amene amayenda mseu wa Mitundu m'banda kuca amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, zolunjika ku Lilongwe. Oochawo si anthu oipa. Kwao kuli ana ofuna cakudya, ndipo a m'tauni ndiwo amagula. Bvutoli linakula mpaka m'caka ca 2015 Boma linatumiza asilikari kukalonda nkhalango. Gogomole amagogoda mtengo, ndipo pa citsa cakupsa palibe cimene angapezepo.

Pa cilumba ca Mauritius panali mbalame yaikuru yosauluka yochedwa dodo. Amalinyero a ku Holland anafikako m'caka ca 1598, ndipo nkhumba ndi makoswe amene anadza ndi zombo anayamba kudya mazira ace. Pofika 1662 inali kuoneka komariza. Makamera kunalibe masiku amenewo. Catsala ndi mafupa ndi zojambula pa manja, ndipo akatswiri akali kutsutsana ngati inalidi yonenepa monga momwe anaijambulira.