Mfuti ya Malume Anga

Nkhondo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome. Koma kwathu kuno ku Cobué, mfuti ya malume anga sinamve za panganolo. Anaikulunga mu ukonde wakutha, naikwirira pansi pa nkhokwe. Ine ndinali mwana, koma malowo ndinkawadziwa.

Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dziko muno anayamba kulandira mfuti mosinthana ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Malume anakana kwa nthawi yaitali. Ankati akuluakulu amasaina ali ndi alonda pakhomo, koma msodzi alibe womulondera.

Tsiku lina pochokera kunyanja anatipeza anafe tikukumba pansi pa nkhokwe ija ndi timitengo. Sanatimenye. Anachezera usiku wonse pagombe, ndipo m'mamawa anakwera ngalawa ya ku Metangula atasenza mtolo wa ukonde. Anabwerako ndi khasu.

Malume anamwalira ndisanawaululire kuti amene anaitana anzakewo kudzakumba ndinali ine.