Kodi Chigiriki Chimadyetsa?

Makolo athu akamva dzina la phunziro lachilendo amafunsa funso limodzi: "Nanga zimenezo zidzakudyetsa?" Ine sindiwadzudzula. Munthu amene wagulitsa matumba a chimanga kuti alipire fizi ali ndi ufulu wofunsa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti funsoli latilowerera ife ophunzira, mpaka tikuyezera nalo chilichonse. Akaunti ndi unamwino zimakhoza mayeso amenewa. Nyimbo, ndakatulo ndi ziyankhulo zamakedzana zimalakwa.

Kuno kwathu tikamva za Chilatini ndi Chigiriki timaganiza za Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, n'kunena kuti ndi za ana a mabwana. Ife a Adventisti tili ndi chifukwa chinanso chozikayikira. Koleji yoyamba ya mpingo wathu, ya Battle Creek ku America, itatsegulidwa mu 1874 inkalimbikira mabuku a Agiriki ndi Aroma, ndipo Mayi Ellen White anadandaula kuti achinyamata akutha zaka pa olemba achikunja Baibulo lili pambali. Ambiri amalekera pomwepo. Komatu mayi omwewo analembanso kuti pali ntchito zina zofuna ziyankhulozi, ndipo ena ayenera kuziphunzira.

Funsani anzathu a zachipatala ku Malamulo. Wosadziwa amaloweza hepatitis, gastritis ndi arthritis ngati mayina atatu osagwirizana. Wodziwa Chigiriki pang'ono chabe amaona chiwindi, chifu ndi mfundo za mafupa, zonse zitatupa, ndipo mawu achinayi akabwera amawamasula yekha.

Za abusa ndiye n'zazikulu. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo mipukutu yakale kwambiri inalibe zizindikiro zopumira monga tili nazo lero. Aliyense amene anatsutsanapo ndi mnzake za kumene akufa ali amadziwa kuti nkhani imafika pa Luka 23:43, pa mawu oti "lero": kodi akumamatira ku lonjezo la Yesu kapena ku nthawi yolowa m'Paradaiso? Pamenepo kukweza mawu sikuthandiza. Pamafunika munthu wophunzira kuwerenga mofatsa, woona mmene chiganizo chinamangidwira. Paulo yemwe, polalikira ku Athens, anatchula alakatuli a Agiriki, kusonyeza kuti ankawadziwa.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi nyimbo. Agogo athu ambiri sanapite patali ndi sukulu, koma ankawerenga do re mi, natha kuimba Khristu mu Nyimbo m'mawu anayi popanda choimbira chilichonse. Masiku ano makwaya ena amadikira fulashi ndi sipika, magetsi akazima pa Sabata, nyimbo yapadera yathera pompo. Si kuti mawu abwino atha ayi, alipo ochuluka. Chasowa ndi munthu wokhala pansi Lachitatu madzulo kuphunzitsa alito kusunga mzere wake pamene soprano akukwera. Imeneyo ndi ntchito ya khutu ndi kuleza mtima, ndipo namwino womvetsera kupuma kwa mwana amafuna khutu lomwelo.

Pa Eksodo 31, munthu amene Mulungu anamudzaza ndi Mzimu wake pa ntchito ya chihema anali Bezaleli, mmisiri wa golide, miyala ndi matabwa. Ndikamaona ndondomeko ya maphunziro ya teremu ino, ndimafunafuna ola limene Bezaleli akanapatsidwa. Ndapeza theka la ola, Lachisanu, dzuwa litatsala pang'ono kulowa.