Kachipewa pamwamba pa w

Patchuthi chomaliza asanapereke ntchito yake ya chaka chachinayi, mtsikana wina wa ku Mandeya anabwerera kwawo ndi chikwama chodzaza mapaketi a tiyi opanda kanthu. Ulendowo ndi wautali: kuchoka ku Chinhoyi, kumene amaphunzira luso lokonza maonekedwe a katundu wamalonda, kudzera ku Harare ndi ku Mutare, kenako minibasi yotsetsereka m'makhota a chigwa cha Honde mpaka ku Hauna. Amayi ake ataona mapaketiwo anafunsa ngati fizi ya zaka zinayi yathera pa kuphunzira kutola zinyalala.

Wophunzira wa chaka chomaliza amayenera kupanga ntchito imodzi yaikulu, ndipo ntchitoyo ndi imene amakaionetsa kwa olemba anthu ntchito. Anzake anasankha zizindikiro za mabanki ndi mapulogalamu a pafoni. Iye anasankha paketi ya tiyi wa alimi ang'onoang'ono a kwawo.

Atayala mapaketi aja pamphasa anaona kuti pafupifupi onse amakamba nkhani imodzi: phiri lobiriwira, nkhungu, kapu yofuka nthunzi. Za munthu wothyola tiyiyo panalibe. Chonsecho pambali pake panali agogo ake aamuna, Mlomwe wa ku Mulanje, kumene tiyi wakhala akulimidwa kuyambira 1891. Iwo anatsika m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nayamba ntchito m'minda ya ku Chipinge, kenako n'kusamukira ku Honde kumene maesiteti anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Pakomboni, Mlomwe, Myao ndi Msena ankamvana m'Chinyanja. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a anthu otere ali alendo m'dziko limene anabadwira, ndipo anadikira mpaka malamulo aakulu a 2013 kuti unzika ubwerere kwa iwo. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Koma chilankhulo kukhala m'buku la malamulo n'kwina, kuoneka pashelefu ya sitolo n'kwinanso.

Sanafune kujambula mayi womwetulira atabereka dengu. Chithunzi chotero chinatha kale ntchito, ndipo wothyola tiyi mumvula ya Januwale samwetulira chomwecho. Anafuna mawu. Atafunsa agogo chimene munthu amaphunzira tsiku loyamba m'munda, iwo anayankha mosaganizira n'komwe: masamba aŵiri ndi kansonga.

Vuto linabadwira pa liwu lachiwirilo. Agogo amalitchula mofewa, milomo isanakhudzane kwenikweni, ndipo mabuku ambiri akale a Chinyanja amalemba kamvekedweko ndi w wovala kachipewa. Zilembo zimene mtsikanayo anasankha pa kompyuta zinalibe ŵ. Pamalo pake pankatuluka kabokosi. Akanatha kungochotsa kachipewako, pakuti ngakhale ku Malawi ambiri analeka kukalemba. Iye anakana. Anali atawerenga Afrikan Alphabets, buku la 2004 la Saki Mafundikwa, amene anatsegula sukulu ya zaluso zimenezi ku Harare mu 1999. Anamvanso za Nolence Mwangwego amene mu 1997 anatulutsa zilembo zakezake zolembera zilankhulo za ku Malawi. Poyerekeza ndi ntchito ya anthu amenewo, chilembo chimodzi chinaoneka chochepa. Chinamudyera milungu itatu. Kachipewa kakakula, w amaoneka wolemedwa. Kakachepa, kamasowa posindikiza pa pepala lokhakhala. Magetsi akazima ankajambula ndi pensulo, n'kudikira.

Mphunzitsi wake anali atamufunsa kale funso limene silinamusiye: adzagula ndani? Wogula wa ku Harare sawerenga Chichewa, ndipo tiyi wambiri wa m'chigwacho amatuluka m'dziko m'matumba akuluakulu opanda paketi, n'kukasakanizidwa ndi tiyi wina kunja. Funsolo silinali lankhanza. Wolemba ntchito amatsegula zithunzi za wophunzira kwa mphindi zochepa, ndipo chimene amafuna kuona ndi chakuti munthuyu angagulitse sopo kapena chakumwa. Masiku ano wamalonda wamng'ono amatha kulamula kompyuta kuti imujambulire chizindikiro osalipira munthu aliyense. Wotuluka kumene m'sukulu alibe nthawi yambiri yosonyezera kuti ali ndi chimene makinawo alibe.

Bambo ake nawo anali ndi yankho lawo. Anamva kuti pa esiteti ina pakufunika kalaliki wa pasikelo.

"Mwanawe, ntchito ndi ntchito. Zojambulazo uzidzachita Lamlungu."

"Bambo, ndipatseni chaka chimodzi chokha."

"Chaka chimodzicho tizidya zilembo?"

Sanawayankhe, chifukwa masamu awo anali olondola. Nyumba ku Harare ndi ya lendi, kusindikiza n'kwa madola, ndipo kompyuta imene ankagwiritsa ntchito inali yobwereka.

Usiku woti mawa abwerera ku Chinhoyi anapinda paketi yoyeserera, naika m'manja mwa agogo. Kutsogolo kunali Chingerezi ndi Chishona, monga msika ufunira. M'mbali munali mawu awo aja, ndi nthambi imodzi ya tiyi. Agogo sadziwa kuwerenga. Anayendetsa chala pa zilembozo n'kufunsa za kadenga kamene kanakhala pamwamba pa chilembo china. Atawawerengera, anangoti ndi momwemo. Kenako anasendeza paketiyo kufupi ndi nyali, nayang'anitsitsa nthambi ija.

"Mdzukulu wanga, tsamba ili n'lachitatu. Lakhwima. Ukanapita nalo pasikelo, kapitawo akanakubwezera dengu lonse."

Mtsikanayo anatenga pensulo. Minibasi yoyamba inkanyamuka ku Hauna kusanache, ndipo kalata yofunsira ukalaliki inali idakali pa tebulo, yosasainidwa.