Nyali ya Usipa ndi Mawu Oyamba

Sabata yatha titatha Misa tinakhala pansi pa mlambe kuno ku Mbungo pamodzi ndi ana a Tilitonse. Tinawapempha kuti aliyense alembe zoona zokhazokha za nyama imodzi imene amaidziwa. Pafupifupi onse anayamba mofanana: "Mbuna ndi nsomba. Imakhala m'madzi." Ndi zoona ndithu, koma ndani angawerenge mpaka kumapeto?

Tinawakumbutsa za atate awo amene amapita pa nyanja usiku kukapha usipa. Msodzi sayamba ndi kukoka chilimira. Amayamba wayatsa nyali kuti nsomba zisonkhane. Chiganizo choyamba ndiyo nyali ya mlembi.

Mnyamata wina anafulumira kulemba kuti: "Nkhwazi inanyamula mwana wa munthu pa gombe!" Anzake anatchera khutu, ifenso tinatsala pang'ono kumuwombera m'manja. Koma titamufunsa ngati zinachitikadi, anaweramitsa mutu. Zinatipweteka kumuuza kuti afufute, pakuti anali atapeza nyali yowala. Komabe nyali yokokera anthu ku bodza si ya ana a Mulungu.

Kenaka mtsikana wina wamanyazi anawerenga zake motsitsa mawu: "Kodi munaonapo mayi wolera ana ake m'kamwa?" Tonse tinangoti zii. Iye anapitiriza kufotokoza kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa pafupifupi masabata atatu, nthawi zambiri osadya kanthu. Sanawonjeze ngakhale kabodza kamodzi. Anangoyang'anitsitsa chimene ife akuluakulu tinasiya kalekale kuchizizwa nacho.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Komabe timaona anthu akukokolola tiana ta nsomba ndi masikito ogonamo. M'kalata yawo ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, malemu Papa Francis anatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemerero wake pamaso pa Namalenga. Mwana amene wazizwa ndi chikondi cha mbuna, adzazengereza kuponya masikito m'madzi akadzakula.

Sabata ino, tiyeni tifunse mwana mmodzi kwathu kuti: ndi chiyani chodabwitsa, koma choona, chimene waona pa nyanja lero? Tikatero timvetsere modzichepetsa.

Francis Woyera wa ku Assisi, mutipempherere ife.