Mphaka wokalamba akayamba kukwawa, gwirani mapazi ake

Amene munadutsa m'manja mwanga pa Biology ya Folomu 3 mukukumbukira chithunzi cha mtima chomwe ndinkakukakamizani kujambula mpaka dzanja kuwawa. Munkadandaula kuti aorta idzakuthandizani chiyani pa moyo. Lero ndabwera ndi yankho, ndipo yankholo landifikira kudzera mwa mphaka.

Kwathu kuno ku Msongwe tinali ndi mphaka dzina lake Mlonda. Dzinali analigwirira ntchito, chifukwa kwa zaka 14 khoswe sanaboolepo thumba la chimanga m'nyumba mwathu. Mphaka wa zaka zimenezi ndi gogo, ngati munthu amene wapitirira zaka 70. Tsiku lina m'mawa mwezi wa June, chifunga chili thoo monga mukuidziwira Mzuzu, tinamva kulira kwachilendo kukhitchini. Mlonda anali kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikungokhwekhwereza pansi. Usiku wake anadya usipa bwinobwino n'kudumphira pawindo.

Pasanathe mphindi 10 bwalo linali litadzaza madokotala. Wina anati wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Wina anati ndi chiwewe, mupheni. Mayi wina wachifundo anati, "Asambizgi, mupatseni theka la Panado, amva bwino." Panalinso amene ankanong'ona kuti mphaka akapuwala usiku umodzi ndiye kuti kunja kuli anthu.

Maganizo a chiwewe si opepuka, tisawaseke. Chiwewe chimapuwalitsa ndithu, ndipo chimapha anthu m'Malawi muno chaka chilichonse. Nyama yomwe simukuidziwa, kapena yomwe yalumidwa posachedwa n'kusintha khalidwe, musaigwire ndi manja. Koma Mlonda anali wobayitsa katemera, analibe bala, ndipo chiwewe nthawi zambiri sichigwetsa nyama yomwe dzulo inali kusewera osaonetsa chizindikiro china. Za Panado ndiye ndikupempheni mumve bwino: paracetamol ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi chake sichitha kuwasungunula monga chimachitira chathu, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha.

Ndinamufunditsa thaulo lochindikala kumutu, poti mphaka womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake, kenaka ndinagwira mapazi. Akutsogolo anali ofunda. Akumbuyo anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, kunsi kwake kotuwa m'malo mofiirira, minofu ya m'miyendo ili gwa. Ndinawerenga mpweya ndi wotchi: ankapuma kopitirira ka 50 pa mphindi, pomwe mphaka wogona bwinobwino sapitirira ka 30. Apa ndinadziwa kuti nkhani si ya fupa, ndi ya magazi.

Tinamuika m'katoni, ulendo wa m'tauni kwa dokotala wa ziweto. Adokotala anamvetsera mtima, anafufuza kugunda kwa mtsempha mkati mwa ntchafu. Kumanja sanapeze kanthu, kumanzere kunali kugunda mofooka. Zimene anafotokoza ndi chithunzi chathu chija. Amphaka ambiri okalamba amakhala ndi matenda a mtima obisika: minofu ya mtima imachindikala, chipinda chapamwamba chakumanzere chimakula, magazi amayamba kuzungulira mochedwa m'menemo mpaka kuundana. Kachidutswa koundana kakathothoka kamayenda mu aorta mpaka pamene mtsemphawu umagawikana kupita ku miyendo iwiri, n'kutsekera pamphambano pomwepo. Miyendo imasowa magazi nthawi yomweyo. N'chifukwa chake zimachitika mwadzidzidzi, ndipo zimawawa kwambiri.

Sikuti mphaka aliyense wofooka miyendo ali ndi vuto limeneli. Wogundidwa kapena wolumidwa ndi galu mapazi ake nthawi zambiri amakhala ofunda, ndipo pamapezeka bala kapena chotupa. Wa matenda a shuga amafooka pang'onopang'ono, amayenda chopondera chidendene pansi, amamwa madzi kwambiri n'kumaonda. Wa impso amatha kusowa potassium m'thupi, khosi n'kumazyolika. Wa nyamakazi amayamba ndi kuleka kudumphira pamwamba, miyezi n'kumapita. Choncho mafunso oyamba ndi atatu: zayamba liti, mapazi ndi ofunda kapena ozizira, nanga akupuma bwanji? Mayankho amenewa dokotala amawafuna, ndipo safuna makina.

Adokotala sanatinamize. Anati miyendo yonse iwiri ikatsekeka kotheratu, thupi n'kuzizira, amphaka ambiri sapulumuka, ndipo nthawi zina chifundo n'kumugoneka ndi jakisoni. Mlonda anali ndi mwayi pang'ono poti mwendo umodzi unkalandirabe magazi. Anamubaya mankhwala oletsa ululu, anatilembera clopidogrel, mankhwala omwe anthu odwala mtima amamwanso kuti magazi asaundane. Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti kwa amphaka mankhwalawa amachedwetsa kubwereranso kwa vutoli kuposa aspirin. Koma mlingo wake ndi wa dokotala, osati woyerekeza pakhomo.

Ntchito yotsala inali yathu. Tinamuyalira bulangeti pakona yopanda mphepo, kutali ndi mbaula, chifukwa mwendo wosamva kanthu umapsa mwini wake osadziwa. Chakudya ndi madzi tinaika pafupi ndi mutu. Mchenga wodzithandizira tinauika m'thireyi yosaya kuti asavutike kukwera. Tinkamutembenuza, kumupukuta, ndi kuwerenga mpweya wake madzulo aliwonse akagona, n'kulemba m'kope ngati rejisitala ya kalasi. Patatha milungu iwiri anaimirira. Patatha mwezi ankayenda motsimphina mpaka pakhonde kukaothera dzuwa.

Anakhala nafe miyezi inayi. Mu October zinabwereranso, ulendo uno miyendo yonse, ndipo kupuma kunali kovuta. Tinabwerera kwa adokotala, ndipo tinagwirizana kuti asazunzikenso. Mdzukulu wanga anafunsa kuti, "Agogo, ndiye ndalama zonse zija zapita pachabe?" Ndinamuuza kuti miyezi inayi yothera dzuwa yopanda ululu si pachabe kwa mlonda amene sanalandirepo malipiro.

Ndikudziwa kuti m'dziko lomwe anthu akuvutika kupeza mankhwala awo, nkhani ya mphaka imamveka ngati ya anthu okhuta. Sindikunena kuti mugulitse mbuzi. Ndikunena kuti kuyang'anitsitsa n'kwaulere. Tikamaphunzitsa sayansi timauza ana kuti ayambe aona, ayeze, kenaka anene. Pakhomo timathamangira kunena. Mphaka wanu kapena wa aneba akadzagwa chonchi, musamutaye kudambo, musamupatse mankhwala a anthu, ndipo musaloze chala agogo a nyumba yoyandikana. Mufunditseni, gwirani mapazi, werengani mpweya, mupite naye kwa a ziweto tsiku lomwelo.

Inu amene mukuphunzitsa za kayendedwe ka magazi teremu ino, chitsanzo ndi chimenechi, tengani.